Chigayo cha mpingo cha pamsewu wa ku Calómuè: ufa wosalala, sikelo yoona, ndi mlendo amene sanapatsidwebe mpando

Anthu a m'midzi ya pakati pa tawuni ya Ulóngwè kuno ku Mozambique ndi chipata cha Calómuè cha pamalire ndi Malawi akhala akufunsana ngati pali phindu lililonse podutsa zigayo zapafupi ndi kwawo n'kukagayitsa ku chigayo chimene mpingo wina unatsegula m'mphepete mwa msewu waukulu, chimene ambiri amangochitchula kuti "kwa Mburundi". Ine ndakhala ndikugayitsa kumeneko chitsegulireni, ndipo yankho langa ndi lakuti phindu lilipo, chifukwa ufa wake ndi wabwino, sikelo yake sinama, ndipo munthu sabwerako akudandaula kuti chimanga chake chachepa mosadziwika bwino. Komabe chigayochi sichinamangidwe kuti chizingogaya chimanga basi. Akuluakulu a mpingowo ananena poyera kuti akufuna malo amene wosauka sadzaberedwa, ndiponso amene munthu wothawa kwawo adzadya thukuta lake m'malo modikira chithandizo, choncho n'koyenera kuchiyeza ndi muyeso umene eni ake anadziikira, osati ndi kusalala kwa ufa kokha.

M'nyumbamo muli makina awiri oyendera magetsi, okonolera ndi ogayira, kotero kuti wofuna mgaiwa, gramilu kapena ufa woyera amathandizidwa pomwepo osatumizidwa kwina. Wogaya wamkulu ndi bambo wa ku Burundi amene anachoka kwawo pa chipwirikiti cha ndale cha 2015, chimene chinathawitsira anthu oposa 400,000 ku Tanzania, Rwanda, Uganda, Congo ndi maiko ena. Kwawo anali mmisiri wa makina, ndipo zimenezi zimaoneka pa kagwiridwe kawo ka ntchito. Asanathire chimanga cha munthu m'chigayo amayamba achifumbata m'manja, nthawi zina n'kuluma njere imodzi, ndipo chikakhala chosauma bwino amanena mosabisa m'Chichewa chawo chosakanikirana ndi Chiswahili kuti, "Amayi, ichi mukachiyanike kaye tsiku limodzi, chifukwa tikachigaya lero ufa wake uchita nkhungu msanga." Ogaya ambiri sabweza munthu amene wabwera ndi ndalama m'manja, koma bambowa amalolera kuti ndalama ya tsikulo ipite kusiyana ndi kuti banja lidye nsima yonunkha.

Chimene chinandikopa kwambiri ndi zimene amachita chimanga cha munthu chikatha kulowa. Sathamangira kuthira cha wina. Amasiya makina akulira opanda kanthu kwa kanthawi, amatenga kamtengo kosalala n'kumenya pang'onopang'ono chitini chachikulu chosongoka kumunsi chimene ufa umatsikiramo, kenako amakutumula nsalu ya kukamwa kwake mpaka ufa wotsalira wonse utagwera m'ndowa ya mwiniwake. Ufa umene umagwa pamenepo ukhoza kudzaza mbale yaing'ono, ndipo aliyense amene anapitapo kuchigayo akudziwa kuti m'malo ambiri ufa umenewo umatsala m'makina, madzulo n'kukhala wa wogaya. M'mawa uliwonse amatulutsa sefa n'kuiyang'ana padzuwa ngati yabooka, chifukwa sefa yobooka ndiyo imatulutsa ufa wamisere umene amayi amavutika kuusefanso kunyumba. Mbatata ya kachewere ndi nyemba za kuno ku Angónia n'zotchuka mpaka ku Tete ndi ku Beira, koma chimene banja limadalira tsiku ndi tsiku ndi ufa, ndipo kusamala kotere kumaonekera pa kutalika kwa masiku amene thumba limatha.

Nkhani ya gaga nayo ndi yofunika kuno kumene mabanja ambiri amaweta nkhumba ndi nkhuku. Chizolowezi cha zigayo zambiri n'chakuti ukakonoletsa chimanga, gaga amatsala kuchigayo ngati kuti ndi zinyalala, kenako mwini chigayo amamugulitsa kwa oweta ziweto, ndipo mlimi amapezeka kuti walipira kukonola n'kuperekanso gawo la chimanga chake kwaulere. Pachigayo ichi lamulo linalembedwa pakhoma m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi, kuti gaga ndi wa mwini chimanga. Ukafuna umamutenga, ndipo ukamusiya amamuyeza iwe ukuona n'kukuchotsera pa mtengo wokonolera. Mtengo wogayira sunasiyane ndi wa zigayo zina za m'derali, ndipo ndikuona kuti anaganiza bwino posautsitsa, pakuti akanautsitsa akanagwetsa zigayo za anthu ena amene nawonso akudyetsa ana awo ndi ntchito yomweyi. Kusiyana kwake kuli pa zimene umabwerera nazo kunyumba.

Panja pakhonde pali sikelo imene amagulira chimanga, soya ndi nyemba nthawi yokolola. Pambali pake anapachika chitsulo cha makilogalamu 10, ndipo munthu aliyense, kaya akugulitsa kaya akungodutsa, ali ndi ufulu wochiika pasikelo kuti aone ngati muvi ukuloza pamene uyenera kuloza. Alimi ena amabwera kudzangoyeza matumba awo asanapite kwa mavenda, ndipo sawalipiritsa kanthu. Tonse tikudziwa mmene malonda a chimanga amayendera m'misika ya m'malire, kumene lata imene iyenera kulowa makilogalamu 17 kapena 18 imakhala yosulidwa kumunsi kuti ilowe zambiri pogula, ndipo ina imakhala yophwanyidwira m'kati kuti ilowe zochepa pogulitsa. Mayi amene amasunga ndalama pachigayopo, amene ndi wa gulu la amayi a mumpingo, anandiuza kuti maziko a zonsezi anawatenga pa Levitiko 19. Nditakawerenga ndinapeza kuti ndime 33 ndi 34 zimalamula kuti mlendo wokhala pakati pathu asasautsidwe koma akhale ngati mbadwa ndi kukondedwa monga tidzikondera tokha, pakuti Aisraeli nawonso anali alendo ku Ejipito, ndipo ndime 35 ndi 36 zotsatira pomwepo zimalamula kuti miyeso, masikelo ndi miyala yoyezera zikhale zoona. Alaliki ambiri amawerenga ndime ziwiri zoyambazo pa tsiku lokumbukira othawa kwawo, n'kusunga ziwiri zinazo kudikira ulaliki wa za malonda, koma m'Malembamo zinaikidwa pamodzi. Ndikukhulupirira kuti sizinangochitika mwangozi, chifukwa munthu woyamba kuberedwa pasikelo ndi amene sadziwa chilankhulo, alibe mfumu yomuyankhulira, ndipo amaopa kukadandaula kwa apolisi poganizira za mapepala ake.

Pali kabuku ka ngongole kamene kamagwira ntchito kwambiri m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zatha ndipo anthu akudalira ganyu. Amene wapeza chimanga koma alibe ndalama yogayira amagayiridwa, dzina lake limalembedwa, ndipo amadzabweza akakolola popanda chiwongoladzanja. Satenga chikole cha mtundu uliwonse, kaya ndi khasu, ndowa kapena foni, ndipo pa ichi amatchula Deuteronomo 24, pamene pamaletsa kutenga mphero ya munthu ngati chikole chifukwa kutero ndi kutenga moyo wake. M'kabukumo maina a mbadwa ndi a obwera analembedwa pamndandanda umodzi, ndipo wobwera safunsidwa kuti abweretse mboni ziwiri za m'mudzi monga amachitira a katapila. Anyamata onyamula matumba amalipidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, potsata mutu womwewo umene umanena kuti wolembedwa ganyu wosauka, kaya ndi m'bale kaya ndi mlendo, apatsidwe malipiro ake tsiku lomwelo. Ndinaonapo mnyamata wa ku Congo ndi mnzake wa m'mudzi momwemo akulandira ndalama zofanana pa matumba ofanana, aliyense n'kusayina m'buku. Ena sabweza ngongole, ndipo mayi wosunga ndalama uja sakana zimenezo, koma akuti amene amavuta kwambiri si obwera ayi.

Palibe chifukwa choti zimenezi zikhale zachilendo kwa ife a m'chigawo cha Tete, pakuti ambiri mwa agogo amene amakhala pamzere wa chigayochi anadyapo ufa wolandira ndi khadi. Pa nkhondo ya zaka 16 imene inatha ndi pangano la mtendere losainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mothandizidwa ndi gulu la Chikatolika la Sant'Egidio ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira, dziko la Malawi linasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni. Midzi yambiri ya ku Angónia ndi Tsangano inatsala mabwinja, eni ake atawolokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene ambiri sanakhale m'misasa yotchingidwa koma m'midzi, pakati pa anthu olankhula chilankhulo chawo, amene anawapatsa malo omangapo ndi kadimba kolimapo. Nkhondo itatha anthu pafupifupi 1.7 miliyoni anabwerera kuno kuchokera m'maiko oyandikana nafe. Ndipo si nkhani yakale yokha, chifukwa mu 2015 ndi 2016 anthu ambirimbiri a m'boma la Moatize anathawiranso ku Kapise m'boma la Mwanza, ndipo ena anasamutsidwira ku msasa wa Luwani ku Neno. Mayi wina wachikulire amene tinakhala naye pamzere anandiuza kuti chimene sanaiwale cha ku Dedza si njala kapena kuzizira, koma tsiku limene analima ganyu mpaka madzulo n'kupatsidwa theka la zimene anzake a kumeneko analandira, pouzidwa kuti iye amalandira kale zaulere. Anatchulanso banja limene linamubwereka mbuzi kuti ayambe kuweta, ndipo mpaka lero ana a mabanja awiriwo amayenderana pamaliro ndi pamaukwati.

Makolo anati mlendo ndi mame, ndipo mwambiwu umatiphunzitsa kupirira ndi kupatsa, pakuti wobwera sachedwa kupita. Koma munthu amene kwawo kulibe mtendere sakamuka dzuwa likatuluka, ndipo nsima ya masiku atatu siingathetse vuto lake. Amafunika ntchito, sukulu ya ana, ndi malo amene dzina lake lingalembedwe m'buku ngati la wina aliyense. Dziko lathu lili ndi lamulo la othawa kwawo la 1991, ndipo ofesi ya boma yothandiza othawa kwawo, yotchedwa INAR, ndiyo imawalembetsa, pamene msasa waukulu uli ku Maratane m'chigawo cha Nampula. Ambiri amakhala kunja kwa msasawo, m'matawuni ndi m'misika, akuchita malonda ndi ntchito zamanja. Kutsidya ku Malawi zinthu zinayenda mosiyana mu 2023, pamene boma linalamula kuti othawa kwawo onse abwerere ku Dzaleka m'boma la Dowa, msasa umene unakonzedwera anthu pafupifupi 12,000 koma ukusunga oposa 50,000, ndipo mashopu ambiri amene mabanja anawamanga kwa zaka anatsekedwa. Ngakhale kuno kwathu tinaona zimene zimachitika munthu akapatsidwa denga popanda chochita, pamene mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa ku Moatize kuti migodi ya malasha itsegulidwe, ambiri n'kuikidwa ku Cateme, kutali ndi msika ndi mtsinje, ndipo mu Januwale 2012 anatseka njanji podandaula za minda yosabereka ndi nyumba zong'aluka. Chifukwa cha zimenezi ndimalemekeza mpingo umene unasankha kupatsa wothawa kwawo makiyi a chigayo m'malo momulembera pamndandanda wa olandira zovala zakale.

Pakona pa khonde pali ndowa yovundikira imene ogayitsa amathiramo kapu ya ufa ngati afuna, ndipo palibe amene amayang'ana kuti wathira ndani. Ufa umenewo amaphikira apaulendo amene asowa pogona kapena abwezedwa pachipata. Misewu ya chigawo chino imadutsa anthu ambiri ochokera kumpoto opita ku South Africa, ndipo sitingaiwale kuti mu Malichi 2020 anthu 64 a ku Ethiopia anapezeka atafa m'kontena ya galimoto m'boma la Moatize, opulumuka ali 14 okha. Ndowa ya ufa siingathetse malonda ozembetsa anthu, koma ndi bwino kuti pamsewu pali khomo limodzi limene munthu wotere angagogode osafunsidwa ndalama.

Zofooka zilipo, ndipo zina n'zosavuta kukonza. Magetsi akathima ntchito imaimiratu chifukwa alibe injini ya dizilo yodalira, ndipo amayi ochokera kutali amakhala tsiku lonse kapena kusiya matumba awo kuti adzabwerenso. Khonde ndi laling'ono, kotero kuti nthawi ya mvula mphale yonyikidwa ndi anthu omwe zimapanikizana malo amodzi, ndipo chimbudzi chilipo chimodzi cha amuna ndi akazi. Ogwira ntchito alibe zotchingira kumphuno ndi m'makutu, chonsecho amakhala m'fumbi ndi m'phokoso kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo mpingo umene umalalikira za malipiro oyenera uyenera kudziwa kuti chifuwa cha wantchito ndi gawo la chilungamo chomwecho. Pachigayopo amalandira metikali ndi ndalama za pafoni za M-Pesa ndi e-Mola, koma amakana kwacha, zimene zimavutitsa anthu a m'malire amene amagulitsa zokolola zawo kutsidya. Ndikumvetsa kuti akuopa mikangano ya kasinthidwe ka ndalama, komabe akanatha kulemba mtengo wosinthira pabolodi m'mawa uliwonse monga amachitira ndi mtengo wa soya.

Pali dandaulo lina limene limamveka m'midzi, lakuti achinyamata a konkuno amene anamaliza sukulu akusowa ntchito pamene mpingo wapereka ntchito yabwino kwa munthu wobwera. Dandaulo limeneli siliyenera kunyozedwa, chifukwa ulova ndi weniweni ndipo amene akulankhulawo ndi ana athu. Chimene ndaona n'chakuti bambowa akuphunzitsa anyamata awiri a m'mudzimo kusintha nyundo za chigayo, kumanga malamba ndi kumva kulira kwa makina akayamba kuvuta, ndipo eni zigayo zina ayamba kuwaitana makina awo akafa, m'malo modikira mmisiri wochokera ku Tete kapena ku Lilongwe. Kuno timati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ndikanakonda kuti akuluakulu a mpingo aike maphunziro amenewa m'dongosolo lolembedwa, lokhala ndi nthawi yake ndi kalata yaumboni pomaliza, kuti odandaulawo aone ndi maso awo chimene mudzi ukupindula.

Chimene sichindisangalatsa konse ndi chizolowezi choitana bambowa kutsogolo nthawi iliyonse pamene kwabwera alendo a mpingo ochokera kutali, kuti afotokoze za kuthawa kwawo ndi za abale amene anawataya. Ndinakhalapo pa mwambo wotere, ndipo ndinaona munthu wamkulu, bambo wa ana, ataima chogwira chipewa m'manja akubwereza nkhani yowawa pamaso pa anthu ojambula ndi mafoni. Umboni umene munthu wapereka mwa kufuna kwake ndi chinthu chopatulika, koma wantchito sangakane mosavuta pempho la amene amamulipira ndi kumupatsa nyumba. Yesu pa Mateyu 25 anadziika m'malo mwa mlendo wolandiridwa, ndipo pa Mateyu 6 anachenjeza kuti zachifundo zisaimbiridwe lipenga. Mpingo ukafuna kuonetsa alendo ntchito yake, uwaonetse sikelo, kabuku ka ngongole ndi lamulo la gaga lili pakhoma.

Vuto lalikulu koposa ndi la mpando. Chigayochi chimayendetsedwa ndi komiti imene imakhazikitsa mitengo, kugawa phindu ndi kusankha ogwira ntchito, ndipo m'komitimo mulibe ngakhale mmodzi wa obwera, chonsecho m'derali muli mabanja angapo a ku Burundi ndi ku Congo amene amapemphera mumpingo womwewo, amapereka chachikhumi, ndipo ana awo amaimba m'kwaya. Bambo amene amadziwa makinawo kuposa wina aliyense amamva zimene zagwirizanidwa msonkhano utatha kale. Amalandira malipiro pamwezi, koma alibe gawo pa phindu, ndipo mgwirizano wawo ndi wapakamwa, kutanthauza kuti abusa akasinthidwa kapena komiti yatsopano ikabwera ndi m'bale wake wofuna ntchito, banja lonse likhoza kupezeka panja popanda pepala lililonse lowateteza. Pa Machitidwe 6 timawerenga kuti akazi amasiye olankhula Chigiriki atayamba kuiwalidwa pa kugawa chakudya, atumwi sanangolonjeza kuti adzawakumbukira, koma mpingo unasankha amuna 7 oyang'anira ntchitoyo, onse a maina a Chigiriki, ndipo mmodzi wa iwo, Nikolao wa ku Antiokeya, sanali Myuda wobadwa. Ndinafunsapo mkulu wina wa mpingowo za nkhaniyi, ndipo anandiyankha mwaulemu kuti, "Achimwene, mawu anu ndi omveka, koma anthu sanakonzeke." Sindikukayika kuti ananena zimene akuziona, koma anthu omwewo anakonzeka kale kupereka chimanga chawo m'manja mwa bambowa ndi kukhulupirira sikelo imene iwo amaisamala.

Kwa amene akufuna kukagayitsa, ndi bwino kulawirira m'mawa pakati pa sabata, chifukwa Lachisanu ndi Loweruka mzere umafika kumsewu, ndipo Lamulungu satsegula. Chimanga chikhale chouma ndi chopeta bwino, mutenge thumba lina la gaga, ndipo amene akuchokera kutsidya asinthiretu ndalama asanafike. Alimi ofuna kugulitsa soya kapena nyemba ayambe ayeza matumba awo pasikelo ya pakhondepo ngakhale atakhala kuti akagulitsa kwina. Amene ali mamembala a mpingowo ali ndi mwayi umene ife ogayitsa wamba tilibe, wokaimirira pamsonkhano wa pachaka n'kupempha kuti mgwirizano wa wogaya ulembedwe ndi kusainidwa, kuti zotchingira fumbi zigulidwe nyengo yokolola isanafike, ndi kuti mmodzi mwa obwera asankhidwe kulowa m'komiti.